Sutikesi Inadzera Pamjigo

Chaka chimenecho mango anapsa msanga ku Liwaladzi, koma mvula inachedwa. Linali Lachisanu, kutatsala sabata imodzi kuti sukulu itsekere, pamene ahedi a sekondale yoyendera anaimika a Fomu 3 padzuwa n'kuwauza nkhani imene sinkamveka m'masiku a chipani chimodzi. Makoleji awiri anali atavomera kuphunzitsa ana a sekondale pa tchuthi chachikulu. Ina inali ku Salima, kumene ophunzira akagona m'mahositelo a pakoleji pomwepo. Aphunzitsi a koleji inayo anali kubwera kudzaphunzitsira mu holo ya ku Dwangwa, ndipo kumeneko aliyense akadzipezera yekha pogona.

"Aliyense asankhe," anatero ahedi. "Dzina lifike kuofesi pofika Lachinayi. Malo a ku Salima ndi ochepa."

Mtendere Chisale anali atasankha kale ahedi asanatseke pakamwa. Ankafuna kudzakhala namwino, ndipo ku Salima kunali chipinda cha sayansi chenicheni. Chifukwa china chinali chitaima kumbuyo kwa mzere, chitavala malaya osita bwino. Dzina lake anali Sharifu, mwana wa atelala a pafupi ndi mzikiti. Mtendere ankaimba kwaya ya kutchalitchi, Sharifu ankaswali kasanu pa tsiku, ndipo chikondi chawo chinali chisanafike ngakhale pogwirana dzanja. Chinkayenda m'mabuku obwerekana ndi pakamwa pa Bushra, mlongo wake wa Sharifu, amene ankakhala desiki imodzi ndi Mtendere.

Atatuwo anakumana pansi pa mtengo wa mango, kuseri kwa makalasi.

"Ine Salima," anatero Sharifu, akuyang'ana m'nthambi ngati akulankhula ndi mbalame. "Akuti kuli galasi loonera tizilombo ta malungo. Ndikufuna ndikadzionere ndekha timene timandigwetsa chaka ndi chaka."

"Kachilombo kake ndi aka," anatero Bushra, akuloza Mtendere ndi mlomo. "Achimwene, bodza n'tchimo, komanso lero ndi Ijumaa, tsiku la swala."

Mtendere anaseka, nayang'ana pansi. "Inenso mtima uli komweko. Koma mawu omaliza ndi a amalume."

"Amalume ako sanamve kuti tinavota?" anafunsa Sharifu. "Masiku ano munthu amaponya kumene mtima ukufuna."

"Ukawauze wekha."

"Wallahi, ndikanapita. Koma ali ndi chikwanje chodulira nzimbe, ine ndili ndi singano."

Anaseka onse. Bambo ake a Mtendere anamwalira iye ali ku pulaimale, ndipo kuyambira pamenepo mwini mbumba anali mlongo wa amayi ake, a Layson Banda. Iwo ankadula nzimbe ku Dwangwa, ndipo masiku amenewo anali kumudzi chifukwa gulu lawo linali litamaliza minda yake.

*

Loweruka m'mawa, amayi ake a Mtendere, Nabanda, atapita kudambo kukakonza munda wa mpunga, a Layson anatulukira pakhomo akumwetulira. Sanali munthu womwetulira kawirikawiri.

"Za sukulu ya pa tchuthi ndamva," anatero. "Ndakonza kale. Ukupita ku Dwangwa, pogona pako papezeka."

"Amalume, ine ndimaganiza za ku Salima."

"Ku Salima uli ndi ndani? Tapita kwathu ukatenge sutikesi yako, akazi anga akupatsa. Udzere pamsewu, njira ya kudambo ili ndi minga."

Mtendere anapita mtima uli wolemera, akudziuza kuti adzawapempha bwino tsiku lina. Koma ataiona sutikesiyo anaiwala pang'ono chisoni. Inali yatsopano, yabuluu, ya maloko awiri onyezimira. Chibadwire anali asanakhalepo ndi sutikesi. Anaisenza pamutu n'kuyamba kubwerera.

Msewu unkadutsa pamjigo, ndipo nthawi imeneyo pamjigo panali podzaza. Amayi ena anavala nsalu zachikasu za chipani, ena za chipani china, koma atamuona onse anasiya zokangana zawo. Mmodzi analiza nthungululu.

"Wasenza yekha," anatero wina. "Taonani, wasenza yekha."

Mayi Mwajuma, amene ankagulitsa zitumbuwa pasiteji, anapukuta manja n'kumuyandikira. "Mtendere, walandira ndithu?"

"Ndalandira ndi manja awiri, amayi."

"Palibe wakukakamiza?"

"Chinthu chokongola chonchi, munthu n'kuchita kumukakamiza?"

"Nanga kumene yachokera ukukudziwa?"

"Ku Dwangwa. N'kumene ndikupita."

Nthungululu zinalira kachiwiri. Mtendere anapitiriza ulendo akuthokoza Mulungu mumtima kuti amayi a m'mudzi mwake ayamba kukondwera ndi maphunziro a mwana wamkazi.

Anapeza amayi ake atabwerako, matope ali m'miyendo. Anatsegulira pamodzi. Munali zitenje ziwiri, duku, nsapato zoyera, sopo wonunkhira ndi mafuta odzola. Munalibe kope ngakhale limodzi, munalibe cholembera.

Nabanda anakhala pansi, padothi penipeni.

"Wadzera njira iti?"

"Ya pamjigo."

"Wakuona ndani?"

"Onse, amayi. Anandifunsa ngati ndalandira, ndiye ndavomera. Kodi ndalakwa?"

"Mwana wanga, ichi n'chikole."

Mtendere chikole ankachidziwa. Ndi mphatso imene mwamuna amapereka kwa mtsikana amene akufuna kumukwatira, ndipo mtsikana akailandira anthu akuona, wavomera, sipafunikanso mawu ena. Mwa mwambo wake mwamunayo amaipereka yekha, kuti mtsikana akhale ndi mpata wokana. Amalume anadziwa kuti iye akanakana, n'chifukwa chake anamusenzetsa osamuuza.

"Cha ndani?"

"Achimwene anatchulapo a Dyton Zangaphee, kapitawo wawo. Anakumva ukuimba tsiku la masika kutchalitchi. Ine ndinati tidikire umalize sukulu." Nabanda anatseka sutikesi pang'onopang'ono. "Pogona pamene akupezera ndi kwa amayi awo a bambo ameneyo, mpanda umodzi ndi nyumba yawo. Mtsikana wolowa mumpanda wa apongozi ndi chikole m'manja satulukamo ndi yunifolomu."

"Amayi, mukawauze amalume."

"Ndine wamasiye, Mtendere. Achimwene ndiwo denga la nyumba ino."

*

Lamulungu, pafupi ndi belu la tchalitchi panaima njinga yamoto yofiira. Mwini wake, Dyton Zangaphee, anakhala kumbali ya abambo, kutsogolo. Anali wamtali, wa malaya oyera, ndipo ankaimba besi yabwino kuposa ya aliyense mu kwaya. Anthu ankanena kuti mkazi wake woyamba anabwerera kwawo osatsazika, n'kusiya ndi ziwiya zomwe. Mtendere anaimba tsiku limenelo maso ali pamtanda, chifukwa ankadziwa kumene maso a munthu uja anali.

Mapemphero atatha anayesa kutulukira khomo la kumbuyo. Anamupeza ataima pomwepo, Baibulo lili kukhwapa.

"A Mtendere, mwaimba bwino," anatero Dyton ndi mawu ofewa. "Koma nsapato zija simunavale."

"Zikundithina, bambo." Anali asanaziyese n'komwe.

"Zidzamasuka. Nsapato imazolowera phazi, phazi nalo limazolowera nsapato."

"Bambo, ine ndinalandira mosadziwa."

"Pamjigo simunanene choncho."

Anthu ankadutsa chapatali, akugwirana chanza, ana akuthamangitsana. Palibe amene anayandikira. Ankawapatsa ulemu woyenera anthu otomerana.

"Ndamva kuti mumabwerekana mabuku ndi mwana wa atelala a kumzikiti," anapitiriza Dyton. "Sharifu, eti? Mnyamata waulemu. Wandipatsa moni pamsewu m'mawa uno."

"Ndi wa m'kalasi mwathu chabe."

"Inde, inde. Kodi munaonapo mmene timatenthera nzimbe tisanadule? Mudzaona mukabwera, kwatsala minda ya kufupi ndi dambo. Moto sitiyatsa mbali imodzi. Timayatsa mbali zonse, kuti ukakumane pakati. Tisanayatse timafuula kuti amene ali m'katimo atuluke. Koma pali anyamata ena osamva, amalowa kukathyola nzimbe za eni." Anapukusa mutu mwachisoni. "Ine mtima umandipweteka kwambiri. Ndimawapempherera."

Anamwetulira, nalisha njinga yake, napita. Mtendere anatsamira khoma la tchalitchi. Munthu amene waimba naye nyimbo imodzi, amene wagwada naye pa guwa limodzi, ndiye amene anamuopseza chonchi.

*

Mantha ndi mlangizi woipa, koma amadziwa kubwereka mawu a chikondi. Anauza Mtendere kuti ngati amamukondadi Sharifu, amuthamangitsire kutali. Ndipo mtsikanayo anamvera.

Lolemba nkhani ya sutikesi inali itafika kale kusukulu. Amalume anali atapereka dzina lake kwa ahedi m'mamawa, la ku Dwangwa. Sharifu anakhala kumbuyo kwa kalasi tsiku lonse osakweza dzanja, iye amene sankalola funso la masamu kumudutsa. Pa nthawi yopuma Bushra anamukokera Mtendere kuseri kwa makalasi.

"Ndiye tizikutchani chiyani tsopano? Amayi a kunyumba kwa kapitawo?"

"Bushra, usandinyoze."

"Ndikunyoze ine? Mudzi wonse wamva kuti unalandira ndi manja awiri. Achimwene dzulo amathandiza ababa kusoka, asoka mwendo wa buluku la munthu n'kuutseka kumapeto. Mwini wake alowetsa phazi, osatuluka."

Tsiku lina Mtendere akanaseka mpaka misozi. "Ukamuuze apite ku Salima. Asasinthe. Ine ndikupita ku Dwangwa. Ndipo asandilankhulenso, ngakhale moni."

"Ukawauze wekha, ali apo."

"Sindingathe."

Bushra anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiuze chinthu chimodzi. Bambo ameneyo ukumufuna?"

Mtendere ankamudziwa Sharifu. Ankaseka za singano ndi chikwanje, koma akanamva za moto wa m'nzimbe akanapita kukamufunsa Dyton pamaso. Choncho anabisa.

"Ndi wa mpingo wathu," anatero.

"Si zimene ndakufunsa."

"Ndi zimene ndakuyankha."

Manja ake ankanjenjemera, moti kope limene anagwira linkachita phokoso. Analikumbatira pachifuwa. Bushra anayang'ana manjawo, nayang'ana nkhope, kenaka anatembenuka n'kumapita. Kuyambira tsiku limenelo anakakhala pa desiki ina.

*

Chimene chinkamulimbitsa Mtendere chinali chakuti tchuthi chimatha. Ankadziuza kuti akapirira masabata ochepawo, akadzikhoma m'chipinda, akapemphera, ndipo sukulu ikadzatsegulira adzabwerera kudzayamba Fomu 4. Mulungu adzakhala atatsegula khomo lina.

Lachitatu masana anapita kokonzekera nyimbo. A Raston, otsogolera kwaya, anaomba m'manja kuti anthu akhale chete.

"Lero tiphunzira ya ukwati. Mtendere, iwe khala pabenchi uzingomvera. Mkwatibwi sadziimbira yekha."

Atsikana anaseka, ena anamutsina.

"Ukwati wake wa liti?" anafunsa Mtendere, ndipo mawu ake anamveka ngati a munthu wina.

"Taonani manyazi. Loweruka la pambuyo pa Khirisimasi, sukulu zisanatsegulire. Amalume ako anakaonana kale ndi wansembe. Tiyeni, asopulano, yambani."

Anayamba. Inali nyimbo yopempha Ambuye kuti ayatse nyali pakhomo la nyumba yatsopano, ndipo Mtendere anali ataiimbirapo akwatibwi ena ndi mtima wonse. Tsopano inamveka ngati nyimbo ya pamaliro. Anadzuka pakati pa ndime n'kutuluka, ndipo atangofika panja anathamanga.

Anapeza amayi ake akusenda chinangwa pakhonde. Anawauza zonse mosapuma, za ukwati, za khomo la kumbuyo kwa tchalitchi, za moto woyatsa mbali zonse. Pomaliza anatchula ndi dzina la Sharifu lomwe, limene anali asanalitchulepo m'nyumba imeneyo.

Nabanda anaika mpeni pansi. "Gwada."

Anagwada onse awiri pakati pa makoko a chinangwa. Nabanda sanali wodziwa mapemphero aatali. Anangokumbutsa Mulungu kuti Iye ndiye atate wa ana amasiye ndi mwamuna wa akazi amasiye, ndipo kuti pakhomo pano pali onse awiri. Atanena ameni anadzuka.

"Achimwene anandiuza kuti ukwati udzadikira mayeso ako," anatero. "Anandinamiza inenso, mlongo wawo wa bere limodzi."

"Ndiye titani, amayi?"

"Chikole chimabwezedwa. Koma chimene chinabwera masana anthu akuona sichibwerera mobisa. Chidzere njira yomweyo, pamutu pomwepo."

"Nanga Sharifu? Bambo uja akamva kuti ndakana..."

"Mnyamatayo akupita kuti?"

"Ku Salima. Ndinamuuza kuti asasinthe."

"Ndiye moto wa ku Dwangwa sufika ku Salima. Nawenso upite komweko, ukakhale kumene kuli geti ndi mlonda." Nabanda anatolanso mpeni n'kumuloza nawo. "Koma usaganize kuti ndavomera za mwana wa kumzikiti. Imeneyo ndi nkhani ya ine ndi iwe, ikubwera."

*

Lachinayi Mtendere sanapite kusukulu. Dzuwa litakwera anasenza sutikesi, amayi ake ali pambuyo. Inali yomweyo, katundu wake yemweyo, koma khosi linkamuwawa ngati wasenza mtolo wa nkhuni zaziwisi.

Pamjigo mpini unasiya kulira. Panalibe nthungululu.

"Yalemera, mwana wanga?" anafunsa mayi Mwajuma.

Mtendere anaima pakati pawo. Amayi ake anamugwira pamsana.

"Ndikubweza, amayi. Ndinalandira osadziwa kuti n'chikole. Mumve nonse, monga munamvera tsiku lija."

"Ana a demokalase," anang'ung'udza mayi wina. "Adzatibwezera ndi mkaka womwe."

Koma mayi Mwajuma anatula ndowa yawo. "Ndinamufunsa ndine pamaso pa anthu. Ndiye ndipita nawo, ndikaone ikutulidwa." Anakonza mpango wawo kumutu n'kutsata pambuyo pa Nabanda.

Anapeza a Layson akumata chubu cha njinga. Ataona sutikesi ikutsika pakhomo pawo, chubu chinagwera m'beseni.

"Ichi n'chiyani?"

"Katundu wa eni, achimwene," anatero Nabanda. "Mwanayu akupita ku Salima."

"Wanena ndani? Zipani zambiri zimathera pamsewu apo. M'banja muno mwini mbumba ndi mmodzi." Anatembenukira kwa Mtendere. "Iwe, ku Salima kuli chiyani? Atsikana angati apita m'matauni n'kubwerako m'bokosi, ndi matenda a masiku anowa? Ndakupezera munthu wopemphera, wa ntchito, wa nyumba ya malata. Ndalakwa?"

Mtendere anagwada. "Amalume, ndikufuna kumaliza sukulu. Ndiponso bambo amenewo ndimawaopa."

A Layson anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma mkwiyo unawathera panjira. Anakhala pa mpando. Nkhope yawo inatuwa ngati phulusa.

"Mwandipha," anatero motsitsa mawu. "Mukudziwa amene amasankha obwerera ku ntchito chaka chamawa? Munthu ameneyo inu simukumudziwa. Ine ndakhala naye m'munda. Akapempha chinthu sapempha kawiri."

"Achimwene," anatero Nabanda, "ngati mukumuopa inu, mwamuna wa chikwanje m'manja, mwana uyu akakhala naye bwanji m'nyumba?"

Nkhuku inadutsa pakati pawo, ikujompha pansi. Mayi Mwajuma anayang'ana kumbali, kuti asaone mwamuna wamkulu akupukuta m'maso.

"Akubwera mawa m'mawa," anatero a Layson pomaliza. "Wapempha lole ya kumunda kuti idzatenge ana a sukulu opita ku Dwangwa, ndipo iye abwera nayo limodzi kudzatenga mwanayu. Ayambira pano. Ndikamuuza chiyani, sindikudziwa." Anayang'ana mwana wa mlongo wawoyo ngati akumuona koyamba. "Mawa usaoneke pamsewu mpaka lole itapita. Wamva? Usakhalenso m'nyumba."

*

Lachisanu Mtendere anakabisala m'munda wa chinangwa wa kuseri kwa dambo. Anakhala pansi pakati pa mizere, nyerere zikumukwera m'miyendo, osayerekeza kuzikutumula. Anamva njinga yamoto ikulowa m'mudzi. Inaima kwa amalume nthawi yaitali. Kenaka inalira kulowera kwawo, ndipo Mtendere anatseka maso n'kupempherera amayi ake. Sinakhalitseko. Inabwerera kumsewu, kulowera kusukulu. Patapita nthawi anamva lole ikusintha magiya, ana akuimba pamwamba pake, mpaka phokoso lonse linazimirira kumpoto.

Anadzera njira ya kudambo, ya minga ija, n'kufika kuofesi miyendo ili yokandikakandika.

"Chisale," anatero ahedi, akumuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Lole yapita kalekale. Unali kuti?"

"Aphunzitsi, sindikupita ku Dwangwa. Ndikupempha malo a ku Salima."

"Tsiku lake linali dzulo."

"Ndikudziwa. Koma ndikakhala m'mudzi muno tchuthi chonse, Fomu 4 simudzandiona."

Ahedi anali atamva nawo za sutikesi ya Loweruka lija, monga aliyense. Anakanda chibwano.

"Malo a ku Salima anadzaza Lachiwiri," anatero. "Koma uli ndi mwayi. Dzulo wina wasiya ake. Basi yanu ndi ya Lolemba, ndipo dzina lako ndilitumiza pa foni ya ku positi masana ano. Likapita silisinthanso, wamva?"

Mtendere ankafuna kugwada pomwepo, muofesi ya ahedi, n'kuimba. Mulungu anali atamuyankha asanamalize n'kupempha komwe.

"Zikomo, aphunzitsi. Zikomo kwambiri. Ndani wasiya malo otere?"

"Inenso ndadabwa. Mwana amene sankagona tulo chifukwa cha Salima ameneyu. Sharifu, wa atelala. Wati ndimulembe ku Dwangwa."

Mtendere sanadziwe mmene anatulukira. Panja dzuwa linali lowala kwambiri, ndipo pabwalo panalibe munthu, kupatula Bushra amene anakhala pamwala pafupi ndi mbendera, maso ali ofiira. Ataona Mtendere anadzuka.

"Iwe uli kuno?"

"Bushra, ndinakuuza kuti asasinthe."

"Ndinawauza. Mawu ako onse ndinawafikitsa. Kenaka anandifunsa kuti unkaoneka bwanji polankhula, ndiye ndinati manja ako ankanjenjemera." Bushra anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Anati munthu wopita kumene akufuna sanjenjemera. Anati ngakhale usadzawalankhulenso, ukakhale ndi munthu mmodzi wa kwanu mu holo imeneyo. Ababa anakalipa, koma sanamve. Dzulo ndimafuna ndikuuze, iwe osabwera."

"Ine ndabweza chikole dzulo. Ndikupita ku Salima."

Bushra anagwira pakamwa.

"Tikaimitse lole," anatero Mtendere. "Timutumizire uthenga kwa dalaivala, atsike panjira, abwerere ndi matola. Sanafike patali."

"Sali pa lole."

"Ali kuti?"

"Lole inadzaza ndi katundu. Bambo uja anafika ali phee, akumwetulira, n'kunena pamaso pa ahedi kuti mnyamata mmodzi akwere naye pa njinga, ndiponso pogona amupatsa kunyumba kwake. Anachita kuloza yekha." Mawu a Bushra anatsika mpaka kunong'ona. "Achimwene ankadziwa kuti ndi Dyton Zangaphee. Koma anthu onse anali kuyang'ana, ndipo poti sunaoneke dzulo ndi lero, iwo ankaganiza kuti iwe uli kale kumeneko. Anangondipatsa chipewa chawo cha ku swala kuti chingauluke ndi mphepo, n'kukwera."